Mfuti Imene Ndinaikwecha

Ndikakumbukira a Mbewe, m'mphuno mwanga mumabwera fungo la mazira owola. Sikuti anali auve, munthu amene ankasita ngakhale kansalu kopukutira mbale. Fungolo linkachokera m'beseni lawo la Loweruka masana, kuseri kwa khitchini ku Runda, kudziko la eni kumene tinkakhala, mmene madzi otentha ankada bii akangoviikamo mfuti ya abwana.

Bambo anga anali dalaivala wa mzungu wina wa bungwe lalikulu, ndipo a Mbewe, mkulu wa ku Dedza, anali khukhi pakhomopo. Zipinda zathu za antchito zinali zogundana, moti akatsokomola m'mawa amayi ankayankha kuti, "Tadzuka bwino, kaya inu agogo."

Mfutiyo abwana anasiyiridwa ndi agogo awo. Inali yogwira ndi dzanja limodzi, yokhala ndi kamgolo kozungulira ka mabowo asanu ndi limodzi othiramo wonga. A Mbewe ankaitcha mlamu wake wa gogodela. Loweruka lililonse abwana ankapita nayo kumalo oyeserako kuwombera, ndipo pobwera ankaipereka yopanda kanthu kwa a Mbewe okha. Ngakhale adona sankaikhudza.

Ine ndinkakhala pa chidebe n'kumaonerera. Ankaimasula chidutswachidutswa n'kuyala zonse pa thaulo loyera motsatana ngati mipeni ya patebulo la alendo. Timawere tisanu ndi kamodzi, tomwe pankakhala tizisoti toyatsira wonga, ankatipotokola ndi kasipanala kake n'kutiponya m'kapu kuti tisasowe. Kenako sopo, madzi a m'ketulo, ndi kansanza kokulunga pa kamtengo, kulowa kutuluka mumpope mpaka madzi atayera. Akaumitsa padzuwa ankapaka phula losakaniza ndi mafuta, uku akuimba nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi.

"Bwanji osangothira oyilo, agogo?" ndinafunsa tsiku lina. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, koma pofupikitsa ntchito ndinali kale katswiri.

"Mwaye wa wonga uli ngati mchere, mdzukulu. Ukachedwa pachitsulo umaitana dzimbiri. Mfuti iyi sigona isanasambe."

Vuto langa linali maso a malonda. Poperekeza amayi pamsika wa ku Kahawa ndinali nditaona kuti nsapato ya kaunjika ukaipolisha mtengo umakwera, ndipo wofunsa mtengo kuti "bei gani" amaloza chonyezimira. Tsono mpope wa mfutiyo unali wofiirira ngati khofi, ndipo ndinkadabwa kuti munthu waukhondo chonchi akusiyiranji litsiro loonekeratu.

Loweruka lina adona anawaitana a Mbewe kuti akaone keke muuvuni, zidutswa zili padzuwa. Ndinatenga sitiwulu ya amayi ndi phulusa pang'ono n'kuukwecha mpopewo ndi mtima wanga wonse. Pamene a Mbewe ankatuluka, mbali imodzi inali mbee ngati sipuni yatsopano, ine mano ali panja kudikira kuyamikiridwa.

Sanakalipe. Anaunyamula, nautembenuza kawiri, kenako anakhala pansi pa simenti, chinthu chimene ndinali ndisanawaonepo akuchita.

"Kufiira kuja sikunali litsiro," anatero. "Zinali zaka. Nanga tikazigula sitolo iti?"

Apa m'pamene ndinazindikira kuti ndawaotchera ntchito. Anali atatsala ndi chaka chimodzi kuti apume, ndipo nyumba imene ankamanga ku Dedza inali isanafoleredwe. Akanati anditchule, ndiye kuti woona msana wa njira akanakhala bambo anga. Mutu wanga unayamba kuthamanga.

"Tipake polishi ya bulauni, agogo. Kapena tinene kuti ndi sopo watsopano uja."

"Mabodza akowo ukugulitsa bwanji?" anafunsa, osandiyang'ana. "Kaya ndi otsika mtengo, ine sindigula."

Anailumikiza mfutiyo, naiika pa thireyi, navala jekete lawo loyera, n'kupita nayo pakhonde. Ine ndinabisala kuseri kwa maluwa. Abwana anaiyang'ana nthawi yaitali, khosi litafiira, kenako anafunsa m'Chingerezi kuti wachita zimenezi ndani.

"Inali m'manja mwanga, bwana."

Anafunsidwa kachiwiri, ndipo anayankha chimodzimodzi. Sananame, komanso dzina langa silinatuluke.

Ntchito sanachotsedwe. Koma kuyambira Loweruka lotsatira abwana ankatsuka okha mfutiyo atadzitsekera m'galaja. Nthawi imeneyo ikakwana a Mbewe ankakhala pakhomo pa chipinda chawo, manja ali pa mawondo, khutu lili kugalajako. Kamodzi ndinawamva akudziyankhulira kuti, "Ketulo sinalire. Akuisambitsa madzi ozizira." Mpaka tsiku limene anabwerera kwawo, nkhaniyo sanandikumbutsepo, ndipo ankandisungirabe mkute wa keke.

Lero ndili ndi kashopu ka zinthu zakale ku Westlands. Ndimanenerera chilichonse, moti makondakitala a minibasi zotchedwa matatu akandiona amayang'ana kumbali. Mwezi watha wantchito wanga anagwetsa wotchi yapakhoma imene mayi wina anatisungitsa, galasi n'kusweka. Mayiwo atafika n'kufunsa kuti wachita ndani, palilime panga panali mabodza atatu okonzeka, onse apamwamba. Wantchitoyo anali chiimire pakona, tsache lili m'manja. Ndinawameza mabodza onse atatu, ndipo anali owawa.

"Inali m'manja mwanga, mayi," ndinatero.