Mphini za Malume

Chinayamba ndi kuyabwa pa phewa lamanja, pamene malume ananditema mphini. Tinali titangobwerera kwathu kutsidya kwa malire, kufupi ndi nyanja ya Chiuta, kuchokera ku Malawi kumene tinathawira, nkhondo itatha, mvula yoyamba isanagwe. Malume, monga mwini mbumba, anati nthaka yathu inamwa magazi ambiri, choncho aliyense atemere asanagwire khasu. Anatitema tonse ndi lumo limodzi, kuyambira akazi awo mpaka ine, n'kutipaka mankhwala akuda.

Patapita masiku ochepa phewa linatupa, thupi linatentha, mafinya anayamba kutuluka. Dzanja linalemera moti ngakhale nsalu ya kapulana ankachita kundimanga ndi ena. Nditapempha kupita kuchipatala, malume anakana pamaso pa abale onse. Anati mankhwala awo salakwa, amangoluma mkazi amene anayenda ndi mwamuna wina kothawa nkhondo. Ananena zimenezi za ine, amene ndinkawatungira madzi ndi kuwaphikira kumsasa zaka zonse zija. Mwamuna wanga sanandifunse n'komwe. Anapinda mkeka wake n'kubwerera kwawo.

Amene anandimvera chisoni ndi Abiti Saidi, mnansi wathu wogulitsa nsomba zouma. Anandikweza pa njinga ya amuna awo mpaka kuchipatala cha ku Insaca. Tinakhala pamzere kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Namwino atavundukula bala anati, "Amayi, mukanachedwa pang'ono, dzanja ili tikanadula." Anang'amba chotupacho, anatsuka, n'kundigoneka. M'mawa uliwonse kunali jakisoni ndi kutsuka bala, kenako kudikira.

M'chipinda chomwecho, pabedi lakumapeto, panali munthu amene ankangofunda kumutu. Tsiku lina chofunda chinagwa. Anali akazi a malume, amene kumudzi tinauzidwa kuti apita kukaona abale ku Entre Lagos. Phewa lawo linali lomangidwa ngati langa, koma bala linali litayamba kale kuuma. Nditawafunsa, anayang'ana kukhoma n'kunena kuti malume anawabweretsa okha chotupa chitangoyamba. Ululu wa bala ndinaupirira, koma izi zinandiliza. Malume ankadziwa kuti vuto ndi lumo lawo, komabe anasankha kuipitsa dzina la mwana wa mlongo wawo.

Lero ndili bwino. Ndimalima, ngakhale dzanjali silikwera kufika pamutu ndipo mtolo amachita kundisenzetsa. Mwamuna wanga uja anatumiza ankhoswe kudzapepesa, ndinawabweza. Malume sanapepese mpaka pano, timangopatsana moni pamaliro.

Mphini sindizinyoza, amayi anga anapita kumanda ndi zawo zokongola pachifuwa. Koma bala likatupa ndipo thupi likatentha, musadikire chilolezo cha munthu, pitani kuchipatala msanga. Amene akukuletsaniyo njira ya kuchipatalako akuidziwa bwino.