Atelala ndi Mlandu wa Galu

Tangoganizani m'mawa wamba mumsewu muno: ana akuthamangira kusukulu, atelala okalamba atulutsa kale makina awo pakhonde, tepi ili m'khosi. Bambowa sadula nsalu asanayeze kawiri, ndipo nkhani amazichitanso chimodzimodzi. Ukawauza kuti kwagwa mvula poti pansi panyowa, amakusuzumira pamwamba pa magalasi n'kufunsa kuti, "Waona, kapena wangoganiza? Nanga ngati wina wataya madzi ochapira?"

Tsiku lina kamtsikana ka nyumba yoyandikana kanabwera kakulira. M'khola simukupezekanso mazira, ndiye mayi ake agamula kuti galu wake achoke pakhomo.

Atelala anaimitsa makina n'kupita kukaodira.

"Mayi, galuyu munamuona akudya dzira?"

"Ayi bambo, koma amagona pafupi ndi khola."

"Inenso ndimagona pafupi ndi khola lanulo. Kodi nanenso ndimange katundu?"

Mayiwo anaseka mpaka kugwira nthiti.

"Tiyeni tiyeze kaye," anatero atelala. "Galu akhale kwanga. Ngati wakuba ndi iyeyu, mazira ayambanso kuoneka. Akapanda kuoneka, mlandu si wake."

Galu anasamukira pansi pa makina, koma m'khola munalibebe ngakhale dzira limodzi. Apa kamtsikana kaja kanadzifunsa kokha: ngati palibe akudya mazira, nanga nkhuku ikuikira kuti? Kanailondola mwakachetechete mpaka kuseri kwa wilibala yakutha, n'kupeza mazira ali mbwee!

Galu uja anabwerera kwawo tsiku lomwelo, ndipo akadali pakhomopo mpaka lero.