Zingwe za Kumbuyo

Ku Dubai ndinkasoka mayunifolomu a pahotela. Korona itavuta hotela inatsekedwa, ndipo abwana, mayi wa Chingelezi, ananditumizira makina, nsalu ndi zithunzi ku Sonapur kumene kampani inkatigoneka. Ankafuna zovala za sewero lodzatsegulira hotelayo, zimene ankavala amuna a kwawo kalekale, nthawi ya mafumu a Tudor. Osati za mafumuwo ayi, za anthu opezako bwino, amalonda ndi alimi.

Koma abale, zovala zake! Malaya a bafuta mkati, jekete yaubweya yothina ngati yobwereka, ndi buluku lomata miyendo. Ubweya, ku Dubai! Zipi palibe, lamba palibe. Bulukulo umachita kulimangirira ku jekete ndi tizingwe kuzungulira chiuno chonse, ndipo kabowo kalikonse ndinkakasokerera pamanja. Zingwe za kutsogolo munthu umamanga wekha. Za kumbuyo mpaka wina akumange.

M'chipinda tinatsala awiri, anzathu atabwezedwa kwawo. Winayo anali bambo wa ku Chipata, mlonda, wamkulu kwa ine, wa mimba yake ndithu. Ndinkayezera pa iwowo.

"Iwe telala, ufuna kunipaya? Nizapema bwanji?"

"Imani bwino, mudala, ndikubayani dala."

Ndikawamanga kumbuyo ankayenda chonyang'wa pakati pa mabedi opanda anthu, ine n'kumaseka mpaka misozi.

Tsiku lina anadzuka akutsokomola, thupi lili moto. Anabwera anthu ovala zoyera kudzawatenga. Ali pakhomo anandiloza chala. "Usachepetse chiuno, wamva? Nizabwela, inshallah."

Ndinasoka. Ndikanatani? Chipinda chinali zii, koma makina ndi choziziritsa mpweya zokha kulira. Poyamba mudala ankayankha foni, kenako inkangoitana. Ndinasungulumwa zoopsa, moti ndinayamba kulankhula ndi jekete itapachikidwa pa msomali. Abwana ataimba kuti ndichepetse ndiyezere pa thupi langa, ndinapsa mtima.

"Madamu, zovalazi zili ndi mwini wake."

Sindinachepetse ngakhale pang'ono.

Masana ena kapitawo wa pakampu analowa atavala masiki, n'kuyamba kulongedza katundu wa mudala m'sutikesi. Ndinamufunsa kuti akuwasamutsira kuti. Anayang'ana pansi, anangoti, "Khalas," mawu a Chiarabu oti zatha, n'kutseka chitseko.

Sindinalire nthawi yomweyo. Ndinamaliza kabowo kotsala, ndinasita, kenako ndinavala ndekha. Jekete yomwe inkawathina ija kwa ine inali thumba la chimanga. Ndinamanga zingwe za kutsogolo, ndinamanga za m'mbali. Za kumbuyo ndinapinda mkono uku, ndinapinda uku, osapeza kabowo. Buluku linkangotsika.

"Mudala, tandimangani," ndinatero ndisanaganize.

Ndinaima pakati pa chipinda nditagwira buluku ndi manja awiri, kudikira.