Nkhuku ya yuniyoni yandifikitsa kukhoti

Lachiwiri lapitali ndinavala jekete langa la kutchalitchi n'kukwera kombi, minibasi yathu ija, kupita kukhoti. Musadandaule, sindinabe kanthu. Alamu anga a Tembo a ku lokeshoni ya Lobengula, amuna a mlongo wanga, ndiwo anandiitana kuti ndikawachitire umboni.

A Tembo amasesa ndi kukolopa pa ofesi ina ya boma. Sanalowepo yuniyoni, bungwe lija la anthu apantchito, koma mwezi uliwonse yuniyoniyo imawadula kandalama, ati poti ikamenyera ufulu wa antchito nawonso amapindula. Ndiye iwo anakaisumira.

"Alamu, ntchito yanu ndi yochepa," anatero m'kombimo. "Mukangogwira Baibulo n'kunena kuti ine ndi anthu amenewa sitidziwana. Basi."

Ndinangovomera kuti yebo, koma panali vuto.

Paja chaka chilichonse pa tsiku la ogwira ntchito yuniyoniyo imaphika, ndipo a Tembo saphonya. Amafika oyamba, atavala sikipa yaulere ya bungwelo, n'kumakweza chibakera m'mwamba kuposa eni ake. Ndikudziwa bwanji? Amanditenga! Ine wosoka nsapato wa ku Makokoba, amene sindinagwirepo ntchito m'boma, ndakhala ndikudya nkhuku ya yuniyoni mpaka kutafuna mafupa.

Tsono ine, mkulu wa mpingo, ndilumbire zotani? Ndikanena zoona, mlandu wa alamu wagwa, ndipo mlongo wanga sadzandipatsanso moni. Ndikanama, ndanamiza Mulungu chifukwa cha ntchafu ya nkhuku.

Tikudikira pabenchi panja pa khoti, anatulukira mlembi wa yuniyoniyo, mimba patsogolo, makiyi a galimoto akuzungulira pachala. Atangowaona a Tembo anatambasula manja.

"Hawu, komuredi! Nkhope iyi ndimaiona kuphwando. Mwachita bwino kubwera kudzatilimbikitsa. Pali kamunthu kena kosayamika, ati Tembo, katisumira."

Alamu anga anangoti, "Yebo, mdala," maso ali pa nsapato zawo.

Mwaziona? Zaka zonsezi bungweli limaidziwa bwino nambala ya malipiro a munthu, koma mwini nambalayo silimudziwa. Kodi kupita kwa munthu n'kumuuza kuti, "Bambo, lowani, ubwino wake ndi uwu," kumathyola mwendo? Ayi, kungoti kumafuna kutsika m'galimoto. Kudula ndiye kosavuta, amadula ali khale mu ofesi. Zimandinyansa ine, sindibisa. Munthu wa tsache amene sunamufunse, umapisa bwanji dzanja m'thumba mwake n'kumati ukumuteteza?

Komatu a Tembo musawombe m'manja msanga. Anzanu atanyanyala ntchito n'kumapsa ndi dzuwa pageti, inu munali mkati mukukolopa, mukuimba kamluzu. Malipiro atakwera, sindinamve kuti mwathamangira kukhoti kukadandaula kuti akuwonjezerani osakufunsani. Walira mvula walira matope, alamu.

Ndipo a Tembo alipo ambiri. Pitani ku sosayite, bungwe lothandizana pa maliro, ku Nketa mukaone. Tsiku losonkha, munthu "sali membala." Tsiku la maliro, ndi yemweyo wakhala mpando wa pawindo m'basi yopita kumanda, n'kumadandaula kuti ndiwo zachepa mchere. Ndikulankhula ngati katswiri, poti nkhuku ija sindinasonkherepo.

Mlanduwo unaimitsidwa mpaka mwezi wamawa chifukwa loya wa yuniyoni sanabwere, moti a Tembo sanaimirire n'komwe. Potuluka, mlembi uja, osadziwabe kanthu, anatsegula buti ya galimoto yake muli masikipa atsopano. Ndinkayesa alamu achita manyazi. Aaa, ndani? Anatenga awiri.

"Ina ndi ya alamu angawa," anatero a Tembo.

Sikipayo ili pampando pano pamene ndikulemba. Ndaiyesa kale, ikundikwana ngati anachita kundiyeza. Mlandu suwola, Baibulo likundidikira, ndipo mlongo wanga waimba kale foni kawiri kundikumbutsa zokanena.

Inu mukanakhala ine, mukanakalumbira mutavala chiyani, jekete la kutchalitchi kapena sikipa?