Boneti Yotentha pa Msewu wa Kuphiri

Fungo la mphira wotentha ndi madzi adzimbiri likangondipeza, ndimabwerera ku Okutobala uja, ndili ndi zaka khumi, m'pikapu ya ababa. Tinkakhala ku Mtiya. Chaka chimenecho dzuwa linkaswa mtengo, nyenje zikulira m'mitengo ya mango mpaka m'makutu kuwawa. Amayi anali oyembekezera, miyendo itatupa, ndiye anapita kukakhala kwa mchemwali wawo pamwamba pa phiri la Zomba, kumene kumazizirako.

Loweruka lililonse tinkakwera kukawaona, ndipo Loweruka lililonse pikapu inkawira pa kona yomweyomweyo. Ababa anali ndi mwambo wawo umene unkanditopetsa kwabasi. Ankaimika pambali, kuzimitsa injini, kukoka handibuleki, n'kuika mwala kuseri kwa tayala. Kenako ankakhala pa chitsa n'kudikira. Pakapita nthawi ankakhudza boneti ndi kuseri kwa dzanja. Ikazizira, ankakoka kawaya ka pansi pa chiwongolero, kupisa zala kufuna kaloko, kutukula bonetiyo n'kuichirikiza ndi mpini wa khasu, poti chitsulo chake chinathyoka kalekale. Chivindikiro cha rediyeta ankachitsegula pomaliza, ndi chiguduli, pang'onopang'ono, nkhope atapotolera kumbali.

Ine phee sindinabadwe naye. Ndinkazungulira galimoto, kugenda anyani, kuponda masamba ouma a paini, kufunsa kakhumi ngati yazizira. Ababa ankangoti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine nkhonoyo ndinalibe nayo ntchito, ndinkafuna amayi anga.

Ndiye kunabwera Lachitatu lina masana. Foni ya ababa inalira: amayi matenda ayamba mwezi usanakwane, ndipo kuphiriko kulibe galimoto yowatsitsira kuchipatala. Ababa anathamangitsa pikapu kuposa masiku onse, ndipo inawira tisanafike n'komwe pa kona ija. Nthunzi inkatuluka m'mbali mwa boneti ikulira ngati ketulo.

Anaika mwala. Anatenga chiguduli. Anakhala pansi.

Mtima wanga unapsa. Amayi akubuula kumtunda uko, munthu wamkulu wangokhala ngati akudikira tiyi. Ndinakoka kawaya ndekha, n'kuthamangira kutsogolo, zala kulunjika pansi pa boneti. Sindinawaone akudzuka. Anandimenya padzanja mwamphamvu, koyamba ndi komaliza m'moyo wanga.

"Ababa, amayi afa inu mutakhala pansi," ndinatero ndikulira.

"Tadala, madzi amenewa akandiwaula manja ndi maso, atsitse amayi ako kuphiri kuno ndani? Iweyo?"

Ndisaname, tsiku limenelo ndinawada. Ndinakaima patali, dzanja likuyabwa, ndikuyang'ana msewu ukukhota kupita kumene kunali amayi. Galimoto ina siinadutse. Sindikudziwa kuti tinadikira nthawi yaitali bwanji. Kwa ine chinali chaka chathunthu. Pomaliza ababa anakhudza boneti, anatukula, anachirikiza ndi mpini, anamasula chivindikiro monga mwa masiku onse, n'kuthira madzi a m'chigubu. Dzuwa likupendeka tinali tikutsika, amayi atagona kumbuyo pamiyendo ya mchemwali wawo. Mlongo wanga Yamikani anabadwa madzulo omwewo, kamunthu kochepa koma kolira mwamphamvu.

M'mawa mwake ndikusesa m'pikapu ndinapeza chiguduli chija chitang'ambika mizeremizere ngati zingwe zomangira nkhuni. Ndinaganiza kuti chadyedwa ndi makoswe, ndinachitaya kudzala, ndipo kusukulu ndinauza anzanga kuti ababa anga ali ndi mtima wamwala.

Lero ndimayendetsa galimoto yangayanga, ndipo inandiwirirapo tsiku lina mwana wanga akutentha thupi pampando wakumbuyo. Ndinazimitsa injini, ndinaika mwala, ndinakhala pansi. Nditayang'ana m'manja mwanga, ndinapeza mpango wanga nditaung'amba pakati osadziwa. M'pikapu ya ababa munalibe makoswe.