A Masikelo ndi Mpando Wamoto

Anthu onse amawatcha a Masikelo, moti ngakhale akazi awo akapsa mtima amawaitana choncho. Ntchito yawo ndi yokonza masikelo: a m'mabutchala, a m'magolosale, ngakhale aja opachika oyezera makanda kuchipatala. Shopu yawo ndi kachipinda kamodzi konunkha oyilo, ndipo pashelefu pali miyala yoyezera isanu ndi itatu imene salola munthu kuigwira ndi manja a thukuta. Wamalonda akawanong'oneza kuti sikelo aipendeketse pang'ono, amamubwezera sikelo yakeyo isanamasulidwe n'komwe. Sukulu analekeza kalasi yachitatu, bambo awo atawauza kuti sipuling'i sifunsa satifiketi. Kwa zaka makumi anayi mawuwo anali oona.

Anasiya kukhala oona mwana wawo wamkazi atakwatiwa kunja n'kubereka kamtsikana kolankhula Chingerezi chokhachokha. Lamlungu lililonse masana foni inkalira, nkhope ya mdzukulu n'kuonekera. Agogo akakweza dzanja, mwana ankakweza lake; akamwetulira, naye ankamwetulira; kenako ankabweza foni kwa mayi ake n'kuthamangira zidole. Zonsezi sizinkakwana mphindi imodzi. Zinkawapweteka a Masikelo, koma sanauze munthu.

Lachisanu lina akukonza sikelo m'sitolo ya zitsulo, anamva belu la njinga likulira m'chipinda cham'mwamba, kenako phokoso la anthu akuluakulu akuseka ngati ana. Mwini sitolo anati imeneyo ndi kalasi ya Chingerezi ya anthu apantchito, ndipo Lachisanu amachita mpikisano wa mafunso. A Masikelo anakwera masitepe, bondo likudandaula njira yonse.

Masewera ake anali otere. Pamakhala magulu awiri. Munthu mmodzi amakhala pampando kutsogolo atafulatira bolodi, ndipo umenewo amautcha mpando wamoto. Aphunzitsi, omwe aliyense amangoti a Madamu, amalemba liwu pabolodi, a gulu lake n'kumamufotokozera m'Chingerezi mpaka alitchule. Mphindi ikatha, belu limalira.

A Madamu atawaona pakhomo anafunsa ngati abwera kudzalembetsa. Yankho linali kale pamilomo. Koma pabenchi yakutsogolo panali mtsikana wa kubutchala, amene amawatcha adadi ndi kuwalandira chikwama cha zida, komanso dalaivala wa takisi amene iwo anamuona akukwawa. Lilime linakhota lokha. Anati angobwera kudzaona ngati opambana amalandira kanthu, chifukwa mpikisano wopanda mphoto uli ngati sikelo yopanda mwala.

Bodza ukalibereka umayenera kulilera. Kuyambira pamenepo, Lachisanu lililonse ankakwera masitepe aja ndi kajumbo: sopo, makope, mabolopeni, nthawi zina paketi ya shuga imene ankayamba aiyeza kaye, poti zolemba papaketi sazikhulupirira. A Madamu anawapezera mpando wakhushoni pafupi ndi windo. Ankakhala pamenepo ngati mlendo wolemekezeka, chipewa pabondo, makutu ali tcheru. Mawu amene awatola ankawalemba mobisa m'chikhatho, n'kukawatchula kushopu pamaso pa masikelo, amene saseka munthu. Akazi awo ankaona inki m'manjamo n'kungoti, "Safunsa anadya phula, a Masikelo." Iwo ankayankha kuti ndi bolopeni yotayikira. Zinayenda choncho miyezi isanu ndi iwiri.

Tsiku limene zinathera, a Madamu anabwera ndi mutu wokambirana mpikisano usanayambe. Mutuwo unali wa kuthandiza ena, ndipo pabolodi panali mafunso awiri: kodi wopereka adziwike kapena abisale, nanga munthu angapereke osafunapo kanthu? Zokambirana zinayamba m'Chingerezi, mosamala, ngati anthu oyenda ndi nsapato zobwereka. Nkhani itakoma aliyense anazivula n'kubwerera ku chinenero chake, ndipo a Madamu anangowasiya.

Dalaivala anati munthu wopereka kamera ili m'mbuyo ndi wotsatsa malonda basi. Mayi woluka tsitsi anatsutsa. Anati wina anamugulirapo mankhwala a mwana mobisa, ndipo iye anatha chaka chathunthu akuweramira aliyense mumsewu, osadziwa woti amuthokoze. Kubisala nako n'kuzunza munthu. Mlonda wa kubanki anati kupatsa n'kuika, palibe amafesa mbewu pathanthwe dala. Pamenepo mtsikana wa kubutchala analoza kuwindo.

"Nanga adadi awa amaika chiyani? Miyezi yonseyi, ndi bondo limeneli, apindulapo chiyani?"

Anthu anaomba m'manja. A Masikelo anafumbata dzanja lamanzere, mmene munali mawu anayi a tsikulo. Munthu amene moyo wake wonse wakhala akuwongola masikelo akuba anagwidwa ndi manyazi, chifukwa ankadziwa kuti akumuyeza pa sikelo yonama.

Kenako chifundo chinafika pamene chimapwetekera. Woluka tsitsi anati si zoona kuti anthu khumi ndi asanu, onse apantchito, azidyera nkhalamba imodzi. Kuyambira sabata yamawa mphoto azibweretsa okha mosinthana, adadi apume, asamavutikenso ndi masitepe. Onse anavomera ndi mtima umodzi, ndipo a Madamu anawathokoza m'zinenero ziwiri.

A Masikelo anaimirira, kuvala chipewa, n'kulowera kukhomo. Akanatha kutsika masitepe aja ndi ulemu wawo wonse, anthu n'kumawatchula ngati chitsanzo mpaka kale. Koma panjira yopita kukhomoko panali mpando wamoto, ndipo iwo anaganiza za Lamlungu, za kamwana kobweza foni. Anavula chipewa chija n'kukhala pampandopo, atafulatira bolodi.

"Sopo uja sanali mphatso," anatero. "Anali fizi. Ndimaopa kusekedwa ndi ana."

Palibe anaseka. A Madamu anali ataiona kale milomo ya a Masikelo ikutsatira mawu chamumtima miyezi yonseyi. Anangowaika m'gulu la dalaivala n'kulemba liwu pabolodi. Gululo linafuula, ena akuloza kumwamba, ena akutambasula manja. A Masikelo anatchula mvula, anatchula denga, anatchula mtambo, zonse m'Chingerezi chomveka ndithu, koma liwu linali ambulera. Belu linalira, ndipo gulu lawo linagonja ndi pointi imodzi.

"Madala, mwatiluzitsa," anatero dalaivala, nkhope ili gwa. "Sabata yamawa muwerenge, apo ayi tikuperekani ku gulu linalo."

Chibadwire a Masikelo anali asanakalipiridwepo mokoma chonchi. Sopo wawo anapita ndi woluka tsitsi.

Masiku ano amakhala pabenchi yachiwiri ndi kope lenileni, ndipo mphoto amabweretsa ikakwana sabata yawo basi. Pampando wakhushoni anthu amaikapo zikwama. Mpikisano sanapambanebe, ndipo dalaivala amawakumbutsa.

Patapita masabata angapo, foni italira Lamlungu, sanakweze dzanja. Anafunsa mdzukulu wawo m'Chingerezi zimene wachita tsikulo. Mwana anawayang'ana kaye modabwa, kenako anatsegula mpopi wa mawu. Pa zonse zimene ananena, agogo anatolapo mawu atatu okha: galu, dzino ndi sukulu. Mayi ake anatambasula dzanja kuti atenge foni atanthauzire, koma a Masikelo anapukusa mutu. Ananena chiganizo chimene a Madamu amalowezetsa aliyense tsiku loyamba, chopempha munthu kuti abwereze pang'onopang'ono. Mwanayo anakhala pansi, kugwira foni ndi manja onse awiri, n'kuyambiranso pa galu paja.