Khatun Sanawaitane

Mlamu wanga Khatun anabwera ku Rangoon, m'dziko la Abama, kuchokera ku Basra ali ndi zaka khumi ndi zisanu, kudzakwatiwa ndi mkulu wawo wa amuna anga. Mwamunayo sanakhalitse, anamwalira. Khatun analera yekha mwana wake mmodzi, Menashe, ndi ntchito yophika m'nyumba za Ayuda olemera. Pa zikondwerero ankachita kumulimbirana, chifukwa malamulo a kukhitchini ankawadziwa kuposa abambo ambiri a kusunagoge.

Pa Sabata sitiphika. Pa chikondwerero timaphika, koma zodya tsiku lomwelo basi, ndi moto wopala pa wina woyaka kale. Dzira limene nkhuku yaikira tsikulo silidyedwa. Ine nthawi zina ndinkangokhala ngati sindinaone kuti laikiridwa liti. Khatun ayi, ankalemberatu mazira akale ndi khala dzulo lake. Ankanditopetsa mayi ameneyu, ndisaname.

Menashe anakwatira Ma Ngwe, mkazi wa Chibama wogulitsa nsalu, ndipo wa kwathu sanapiteko ndi mmodzi yemwe ku ukwatiwo. Anabereka mwana wamkazi, Mi Nyo. Kwathu mwana amatsata mayi, choncho mdzukuluyo sanali Myuda. Khatun analira mwezi wathunthu, kenaka anamukonda mwanayo koopsa. Masiku wamba ankamupititsira makeke. Koma pa chikondwerero lamulo limaletsa kuphikira munthu amene si Myuda, ngakhale kumuitana kumene, kuopa kuti ungawonjezere chakudya chifukwa cha iye.

Anapita kwa hakamu, mphunzitsi wathu wa malamulo.

"A Hakamu, ana a eniake azikhuta zophika ine, wanga azingomva fungo?"

"Mayi, lamuloli sindinalembe ndine," anatero mkuluyo. "Musamuitane. Koma akabwera yekha, mupatseni zimene zili mumphika. Ndipo mphika wanu palibe angakuletseni kuudzaza, bola mudzaze kamodzi musanauteleke."

Kuyambira pamenepo, chikondwerero chilichonse Khatun ankateleka mphika waukulu wa mpunga ndi nkhuku, munthu wokhala yekha, n'kusiya chitseko pululu. Menashe ankabwera yekha, kudya mothamanga, n'kumapita. Ma Ngwe sanapondeko. Simungamunene: ndani angalowe osaitanidwa m'nyumba ya anthu amene anakana ukwati wake?

Mi Nyo ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, Menashe anamwalira ndi taifodi. Ma Ngwe anaganiza zobwerera kwawo, kumtunda kwa mtsinje, ulendo wa masiku anayi. Sitima yake yapamadzi inkanyamuka m'mawa wa tsiku lachiwiri la chikondwerero cha Misasa. Kuti Khatun adye ndi mdzukulu wake pa chikondwerero ngakhale kamodzi, linali tsiku loyambalo basi.

"Mlamu, mawu amodzi okha, aitaneni," ndinamuuza. "Tchimolo ndisenza ine."

"Iwe uli nawo ako okukwanira," anandiyankha, akufunda mpango.

Tinapita kwa Ma Ngwe wapansi masana. Tinapeza katundu atamangidwa kale, Ma Ngwe atakhala pa bokosi.

"Ndaphika mpunga wambiri lero," anatero Khatun, maso ali pansi. "Nkhuku yathunthu. Chitseko sindinatseke."

"Mukutiitana, amayi?" anafunsa Ma Ngwe.

Khatun anangokonza mpango wake.

"Lamulo lanulo ndikulidziwa, malemu anandifotokozera," anatero Ma Ngwe. "Koma zaka zonsezi palibe wa kwanu anandiuzapo kuti lowa. Nenani lero, tinyamuka pompano."

Mi Nyo anagwira chovala cha agogo ake. "Agogo, tibwere?"

Ndinamutsina mlamu wanga pamkono mpaka zala kundiwawa. Misozi yake inali chuchuchu, ndipo ndinakhulupirira kuti anena.

"Chitseko sindinatseke," anabwereza motsitsa.

Ma Ngwe anachotsa dzanja la mwanayo pang'onopang'ono. "Yendani bwino, amayi."

Panjira ndinamukalipira mawu amene sindingawalembe pano. Mpaka lero sindidziwa amene ndimamukwiyira kwambiri, iyeyo, Ma Ngwe, kapena ife tonse amene tinakhala kunyumba tsiku la ukwati.

Khatun anakhala zaka zina khumi ndi chimodzi, akuphikabe m'nyumba za eniake, ndipo Mi Nyo sanamuonenso. Koma chimene chimandipweteka n'cha sabata yomwe ija. Pa Misasa masiku awiri oyamba ndiwo oletsa. Tsiku lachitatu munthu akhoza kuitana aliyense. M'mawa wa tsiku lachitatulo sindinamupeze kwake, ndiye ndinamulondola. Ndinamupeza ataima pakhomo pa Ma Ngwe, m'nyumba muli mbee, mwini nyumba akusesa kuti alowetse anthu ena. Khatun anali atavala zake za kusunagoge, akuitana mokweza kuti msewu wonse umve:

"Bwerani, ana anga! Ma Ngwe, mwana wanga, bwera udzadye!"